Nkhuku za m'khola lachiwiri

Cullman, Alabama
11 Okutobala 2009

Okondedwa achemwali Verna,

Loweruka pa 3 Okutobala masana tinalipo asanu: ine, mwana wanu Royce, ndi anzake atatu a gulu lake loyimba. Ndikudziwa kuti Royce anakuuzani pafoni kuti nkhuku 1,140 zija zinafa chifukwa cha iye, ndipo mwalamula kuti achoke pafamu panu musanabwerere. Chonde werengani kaye.

Khola loyamba linalibe nkhuku, ndiye achinyamatawo anapempha kuti ayeserere nyimbo momwemo. Ndinawachenjeza kuti za m'khola lachiwiri zikadzidzimuka zithamangira pakona n'kupanikizana. Anamvera, ankayimba motsitsa ngati ali pamaliro.

Ine ndinkakonza mpope panja. Nyimbo zawozi inu mumati ndi phokoso la m'mabala, nanenso ndinkatero. Koma magitala awiri aja atayamba kuthamangitsana, wina kulira wina kuyankha, ng'oma ikugunda m'chifuwa, Royce akuyimba za magalimoto akutha ndi anthu otopa ngati ife, ndinangopezeka ndalowa. Chimwalirire mkazi wanga, thupi langa linali lisanapepukepo chonchi.

Darla, mtsikana woyimba ng'oma, anaseka. "Taonani madala akugwedeza phazi! Amalume, tiyi wakuledzeretsani?"

"Sindikumva bwino," ndinatero. "Takwezani."

Royce anati, "Amalume, nkhuku za amayi."

"Nkhuku ndinayamba kuweta iwe usanabadwe. Ukulira ngati udzudzu bwanji?"

Anakanabe. Ndinapita ndekha pa chokuzira mawu n'kukweza mpaka pothera. Malata ananjenjemera. Ndinaponya chipewa m'mwamba, ndinakuwa, ndinavina pa utuchi, ine amene kutchalitchi ndimangoyendetsa milomo.

Titatsegula khola lachiwiri tinapeza mulu wa nkhuku zakufa pakona. Tinazitola imodziimodzi. Lolemba munthu wa kampani yogula nkhuku atafunsa kuti wachititsa ndani, ine ndinayang'ana nsapato zanga. Royce anati, "Ndine, bwana." Munthuyo atapita, mwanayo anandinong'oneza: "Ine amayi anazolowera kundikalipira. Inu akakuthamangitsani mukagona kuti?" Ndinakhala chete, ndipo ndakhala chete mpaka lero.

Choncho wochoka ndine, achemwali. Zovala ndalongeza kale. Ndizidyetsa nkhuku zotsala mpaka mufike. Chimene chikundichititsa manyazi kwambiri n'chakuti ndikamathira chakudya nyimbo ija imandibwerera, phazi n'kuyambanso kugwedezeka. Mwana wanu amadziwa kuyimba. Sindikunena izi podziteteza.

Mundiperekere moni komwe muliko kwa mwana wanu Charlene ndi kakhanda kake, mukapsompsone pachipumi. Royce sakudziwa kuti ndalemba. Akufuna kukagulitsa gitala yake Lachisanu kuti akupepeseni. Mumuyimbire tsikulo lisanafike, ngakhale ine musandiyankhe.

Ndine mlongo wanu,
Lonnie