Ndinawerenga malikisi pagulu, tsopano uphunzitsi uli pachiswe

Aphungu,

Ndine mayi wa zaka 38. Kwathu ku Ntcheu ndinaphunzitsa pulayimale zaka khumi ndi chimodzi, koma nditafika ku Canada mu 2003 anandiuza kuti mapepala anga sakukwanira. Ndinalongedza makatoni zaka zinayi, mpaka chaka chino pamene ananditenga kukoleji pa maphunziro a uphunzitsi. Kachitidwe kake n'kakuti umakhala chaka chonse m'kalasi ya mphunzitsi wodziwa ntchito, iye n'kumakuyang'anira, ndipo lipoti lake ndilo limanena ngati ukuyenera. Ine ndili mu Giredi 5 pasukulu ina ku Toronto, pansi pa Mayi Mathilda.

Lachiwiri anandisiyira kalasi kuti ndibweze mapepala a mayeso a masamu. Ndinachita monga timachitira kwathu. Ndinaitana mayina kuyambira nambala wani mpaka womaliza, malikisi ndikutchula mokweza, atatu oyamba tinawaombera m'manja. Ine ndimati ndikuwalimbikitsa. Womaliza anali mtsikana wina wofika kumene m'dziko muno, Chingerezi chikumuvutabe. Anagoneka mutu padesiki osaudzutsanso mpaka belu. Chichokereni tsikulo sanabwerenso kusukulu, ndipo bambo ake akadandaula kwa ahedi.

Mayi Mathilda anangondifunsa kuti, "Munaganiza bwanji zimenezi?" Ine kukamwa yasa, mawu osatuluka. Atiitana kwa ahedi Lolemba likubwerali. Ndili ndi mantha, Aphungu. Akandichotsa ndiye kuti ndabwerera ku makatoni, pomwe ana anga auza kale anzawo kuti amayi awo ndi aphunzitsi.

Amuna anga, a Medson, akuti, "Iwe, adiresi ya mtsikanayo ili m'fayilo. Loweruka tingodirayiva, tikagwade kwa makolowo ndi kamphatso, nkhani ithe." Kwathu munthu wolakwa amatero. Kodi ndipite? Nanga Lolemba ndikanene chiyani?

E.C., Brampton

Mayi E.C.,

Choyamba, a Medson muwabisire makiyi a galimoto. Mtima wawo ndi wabwino, koma nzeruyo ikupwetekani. Kwathu kufika pakhomo ndi ulemu. Kuno mphunzitsi wotenga adiresi ya mwana m'fayilo n'kukagogoda osaitanidwa wapalamula mlandu woposa woyambawo, ndipo kamphatsoko adzati mukufuna kuwatseka pakamwa. Musapite.

Kulakwa munalakwa, tisanamizane. Ine ndili Sitandade 6 ndinatchulidwapo nambala 47 mwa ana 49, makolo ali pomwepo. Lero ndili ndi imvi, koma phwete la anzanga ndimalimvabe. Tinkapirira chifukwa tinalibe kokadandaula, osati chifukwa sizinkawawa. Kuno malikisi a mwana ndi nkhani ya iye, makolo ake ndi mphunzitsi basi. Mukanafunsa akanakuuzani, paja safunsa anadya phula.

Madzi akatayika saoleka, komabe lipoti silinalembedwe. Lankhulani ndi Mayi Mathilda Lolemba lisanafike. Muwayankhe funso lija, chifukwa kukhala chete kwanu mwina akuona ngati simukusamala. Muwapemphe akuonetseni mmene iwo amabwezera mapepala. Imbiraninso amene amakuyang'anirani kukoleji, amve kwa inu asanamve kwa ena, ndipo ngati n'kotheka akakhalepo.

Kwa ahedi, yambani ndi mwanayo. Funsani kuti ali bwanji, vomerani kuti munamuchititsa manyazi, kenako nenani zimene mudzasinthe. Zoti kwathu timatero munene kamodzi kokha, pofotokoza, osati pothawirapo. Zaka khumi ndi chimodzi zija muzisiye m'chikwama tsiku limenelo. Ndipo muwayang'ane m'maso. Kuwerama kwathu kwaulemu kuja kuno amati munthu akubisa kanthu. Kupepesa kwa makolo kulembeni pakalata yaifupi, idzere kwa ahedi, iwo ndiwo aone ngati mungakumane kusukulu.

Sindingakulonjezeni kuti sakuchotsani. Koma wophunzira ntchito amene wavomera n'kusonyeza kuti wamva, kawirikawiri amamupatsanso mpata. Amene amachoka ndi wokakamira.

Chenjezo langa ndi ili. Mtsikanayo akabwera, mtima udzakuuzani kuti mumuitane kutsogolo, mumupepese kalasi yonse ikumva. Musayerekeze. Kumeneko kudzakhala kudzipepuza nokha, iye maso onse ali pa iye kachiwiri. Mudikire anzake atanganidwe, mupite pa desiki yake, mutsike mpaka maso anu alingane ndi ake, munene motsitsa kuti, "Ndinakulakwira, pepa." Akapanda kukuyankhani, musamukakamize.