Maungu Anayi a Kondalu

Hyderabad
14 Ogasiti 2023

Okondedwa achemwali a Suguna,

Ine ndili bwino, kupatula zidzolo zam'khosi zomwe chovala champhira chija chimandipatsa. Tikujambula gawo lachiwiri la filimu ya timizukwa takuba nsapato. Ndidakali kamzukwa kamakutu aatali, kaja amayi anakaloza m'holo n'kukuwa kuti "Uyo ndi Kondalu wanga!" atangoona mmene kamakandira pakhosi.

Koma achemwali, mtima wanga suli m'malo. Anthu kuno ayamba kundikonda mwadzidzidzi. A Bhaskar, otsogolera filimu, amene kwa zaka zitatu akhala akundiitana kuti "iwe wamakutu", sabata yatha anandikokera mpando n'kundifunsa ngati shuga wakwana m'tiyi. Kenako anandilowetsa m'chipinda chodzaza makamera, akatswiri a makompyuta n'kundimata timadontho thupi lonse.

"Takandani pakhosi, a Kondalu," anatero mmodzi. "Bwerezaninso, mmene mumachitira muja."

Ndinakanda kakhumi. Nditafunsa kuti n'zachiyani, anati, "Tikungosunga, musadandaule." Kukanda kwa munthu wamoyo amakusungiranji?

Ndinapita kwa a Jayamma, otisokera zovala. "Mayi, changachi chang'ambika m'khwapa."

"Ingopirira, mwanawe," anayankha maso ali pamakina. "Andiuza kuti ndisatayepo ulusi."

Lachiwiri ndinapeza dzungu kuseri kwa chitseko, atalipaka kale ufa wofiira. Paja kuno munthu akamaliza mbali yake amamuzunguliza dzungu n'kuliphwanya pansi, basi zake zatha. Ine papepala la mgwirizano ndatsala ndi masiku makumi awiri. Nditafunsa kuti ndi la yani, aliyense anayamba kuyang'ana foni yake.

Apa ndiulule, koma zisafike kwa alamu. Dzungulo ndinaliponya m'thumba n'kupita nalo kunyumba. Anagula lina, ndinatenganso. Pano akwana anayi. Anthu akunong'onezana kuti timizukwa tatuluka mufilimu, ndipo mayi wosewera mbali yaikulu akukana kusiya nsapato zake pakhomo. A Bhaskar anaitana wansembe, amene anawaza madzi chovala changa ine ndili momwemo. Ndinangoti zii ngati chidole, thukuta lili kamukamu.

Eni nyumba, a Sarojamma, aphika maungu masiku asanu ndi limodzi. Dzulo anandifunsa, "Kondalu, watomera mwana wa mlimi kapena?"

Ndinaseka nawo, koma zoona zake ndikuopa. Lero labwera dzungu lachisanu, ndipo alitsekera m'galimoto ya a Bhaskar. Pochoka anandigwira phewa n'kunena kuti, "Mawa mubwere mutavala malaya abwino, tijambulitse pamodzi." Ndiye ndadziwa. Kamzukwa kanga azikayendetsa ndi kompyuta, ndipo kazikanda pakhosi ngati ine.

Nditumizireni mafuta aja a zidzolo, ngakhale mwina zidzatha zokha tsopano. Mupereke moni kwa alamu ndi ana. Amayi muwauze kuti ndikudya bwino, si bodza ayi.

Filimu ikatuluka, mudzapite nawo, muwakhazike kutsogolo monga kale. Akadzaimirira n'kuloza kuti "Uyo ndi Kondalu wanga!", chonde achemwali, mudzangovomera.

Ine mlongo wanu,
Kondalu