Sisitala Sagwada

Achemwali anga okondedwa,

Muli bwanji kutaliko? Kuno ku Likoswe tili bwino, mwendo wa amayi unaphwa.

Ndabwerako ku maphunziro a masisitala oyang'anira anamwino aja. Anatiphunzitsa kuti wolakwa tizimuitanira pambali n'kumuuza mosabisa. Nditangobwerera kuntchito, woyamba kuchedwetsa mankhwala a odwala anali mayi Namakhwa, namwino amene anandilandira pobadwa! Ndinawaitanira mu ofesi, koma mawondo anangopindika okha. Ndinawadzudzula nditagwada, maso ali pansi.

Iwo anati, "Mwanena zoona a sisitala, ndalakwa. Koma iwe mwanangwe, imirira. Mchombo wako ndinadula ndine, sindinaudule kuti uzigwadira olakwa."

Munditumizireko nsapato zofewa achemwali, poti tsopano ndiziimirira. Ambuye akusungeni.

Ndine mng'ono wanu,
Estere