Mwendo Wamanzere wa Amayi

Bangwe, Blantyre
14 Okutobala 2024

Okondedwa achimwene Ambrosi,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko pamodzi ndi alamu anga a Thandie. Kuno tilipo, kungoti dzuwa likuswa mtengo ndipo madzi pampope akutuluka mwa apo ndi apo. Musadabwe kulandira kalata yapamanja ngati ndife anthu akale. Nkhaniyi ndailemba katatu pafoni n'kufufuta, ndiye ndati bola ndimpatsire Marko wa aneba athu, poti akukwera basi yobwera kumeneko Lachinayi.

Sukulu ikutha, achimwene. Digiri yachiwiri ija munkandiseka nayo kuti ndi "masitazi ogwedeza chiuno" yafika kumapeto, ndipo pa 23 Novembala ndikaonetsa ntchito yanga pamaso pa aphunzitsi ndi makolo. Mukukumbuka tsiku lija ndinawamata amayi timipira toyera m'maondo, m'chiuno ndi m'mapewa, iwo n'kuvina gule wa utse kuseri kwa nyumba makamera atatu akujambula? Ankaseka kuti ndawasandutsa nkhanga. Kompyuta imatsata timipirato n'kupanga munthu wopanda nkhope, wa timizere tokhatokha, koma wovina ndendende ngati mwiniwake. Sitinkadziwa kuti kwatsala miyezi inayi yokha kuti atisiye.

Tsono ine ndalakwa. Mukudziwa kuti chithyokereni mwendo wamanzere pangozi ya minibasi ija, amayi ankaukoka pang'ono. Ng'oma ikagunda iwo ankaponda mochedwa, phewa n'kugwera komweko. Kompyuta inkaika chizindikiro chofiira paliponse pamene mwendowo wachedwa, kuyesa kuti kamera yaphonya. Ine ndinkadziwa kuti sinaphonye. Komabe ndinawongola, phazi ndi phazi, masabata awiri athunthu. Ndisanamizire makina ayi, ndinkachita manyazi kuti aphunzitsi akunja adzati kwathu kuno timavina motsimphina. Ndiye poti laputopu inadzaza, zoyambirira zija ndinafufuta.

Lamulungu lapitali titabwera ku Misa, ababa anandipeza ndikuonera zowongoledwazo pa laputopu pakhonde. Anakoka mpando, naonera mpaka kumapeto, chipewa chili pabondo. Kenako anati, "Iii, koma akuvina bwino mtsikanayu. Ndi mwana wa yani?"

Achimwene, zaka makumi anayi ali limodzi! Ababa omwe aja ankawazindikira amayi ndi mapondedwe okha akamachokera kumsika, asanatulukire n'komwe pampanda. Mtima unandiwawa zedi, koma ndinanama kuti ndi mnzanga wa kusukulu, ndiponso kuti za amayi sindinamalize. Anangoti, "Usafulumire, mwanawe. Amako sankafulumira."

Ndayesa kubwezeramo kutsimphinako ndekha, koma zikutuluka ngati munthu wina akuwanyogodola. Ndasiya.

Pempho langa ndi ili. Mutabwera kumaliro ndinakuponyerani kafulashi kabuluu m'thumba la chikwama, muli nyimbo za kwaya zija munapempha. Ngati sindikulota, momwemo ndinasungamonso foda yolembedwa kuti "Utse 1". Inutu ndimakudziwani, fulashi ikadzaza mumangopukuta zonse n'kuikamo mpira. Chonde, kaya ili m'galimoto, kaya munabwereketsa mnzanu, ifuneni. Mukaipeza musakhudze kanthu, mungompatsa Marko pobwerera. Mukapeza kuti munafufuta, mundiuze ndithu osabisa. Sindidzakuimbani mlandu, poti woyamba kufufuta ndine.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana. Ababa akupereka moni, akuti shuga watsika, musade nkhawa. Jekete lawo la ukwati lija apititsa kale kwa telala ku Limbe kuti alibweze m'mimba, poti aonda. Akuti pa 23 akakhala mpando wakutsogolo, amayi akawaone atatchena.

Ndine mlongo wanu,
Petronela