Valavu ya Mayi Ako

Mwana wanga wokondedwa,

Ndikhulupirira uli bwino pamodzi ndi amuna ako ndi adzukulu angawo. Ine ndilipo, koma mayi ako sali bwino. Pafoni mawu amandithawa, n'chifukwa chake ndalemba.

Mwezi watha anayamba kubanika akangoyenda pang'ono, miyendo n'kutupa. Kuchipatala atawajambula, adokotala anati valavu ya mtima ikutaya. Mwana wanga, ine ndinaseka, mtima pansi. Makaniko wokalambira m'galaja n'kuopa valavu? Ndinawauza mayi ako kuti kameneko n'kachitsulo chabe, timakapala, kakakanika timaikapo kena, madzulo galimoto n'kumapita. Iwo anamwetulira, amvekere akanadziwa akanangobwera kwa ine m'malo movutitsa adokotala.

Adokotalawo anandiitanira pambali. Anandilongosolera mofatsa kuti valavu ya munthu ndi mnofu, ndipo mmene thupi la mayi ako lafookeramu, opaleshoni sangaipirire. Anatchulanso pulesha ya magazi. Ndinagwedeza mutu ngati ndamva, koma m'maganizo ndinkangoona tayala.

Lachisanu namwino anati akuwapatsa disichaji. Kwathu kugalaja batire ikadisichaja ndiye kuti moto watha, choncho ndinafunsa namwinoyo ngati mayi ako akutisiya. Bambo wina wodwazika mkazi wake pabedi loyandikana anandiseka, n'kundiuza kuti kuchipatala mawuwo ndi abwino, wodwala akubwerera kwawo. Ndinapinda zofunda mothamanga, ndikuimba kanyimbo.

Potuluka, namwino uja anandigwira mkono. Anati kunyumba tiziwapatsa chilichonse chimene akhumba, chifukwa achipatala mbali yawo athera pomwepo. Ulendo uno tanthauzo la kugalaja ndi limene linali loona.

Kuntchito ndasiya kupita. Anzanga akamakuwa kuti valavu yatha, itayeni, ndinkasowa poyang'ana. Tsiku limandithera pampando pafupi ndi bedi, mayi ako ali mtulo, ine wopanda wocheza naye. Mlongo wako amaimba foni, koma amangofunsa ngati amwa mankhwala, n'kudula.

Bwera, mwana wanga. Usadikire tchuthi cha ana. Dzulo mayi ako anandipempha kuti ndiwapese tsitsi. Manja angawa anazolowera sipanala, ndipo ndinaona kuti ndikuwapweteka, koma sanadandaule. Anangoti iwe umayambira kunsonga, pang'onopang'ono, uku ukuwauza nkhani.

Upereke moni kwa amuna ako, adzukulu angawo uwapsompsone. Mulungu akusunge panjira.

Ndine bambo ako.