Tsiku Limene Amayi Anaotchera Alamu Nyuzipepala

Okondedwa achemwali Ngan,

Mvula yayamba m'bandakucha ndipo sinakate. Denga likulira ngati akukazingirapo mtedza, njinga zamoto zikungowaza madzi pakhomo. Kaya inu muli bwanji ku Saigon? Kuno ku Hue tonse tadzuka bwino, kusukulu kulinso bwino.

Ndili ndi mlandu, ndipo ndikufuna muumve kwa ine.

Loweruka m'mawa ndinali pamsewu, pamalonda a amayi, ndikudula anyezi, msuzi wa ng'ombe utangowira. Woyamba kufika anali bambo wa ambulera yothyoka. Ndinawazindikira pompo: a Thien, aja munanditumizira chithunzi chawo. Koma amayi sindinawauze. Ndinkafuna ndione kaye kuti munthu wofuna kukwatira achemwali anga amatani pamene sakudziwika.

Anafunsa mtengo, anasuzumira mumphika, anafunsanso ngati ulipo wopanda tsabola. Kenako manyazi anawagwira, anati abweranso, n'kunyamuka. Munthu woyamba, osagula!

Amayi mukuwadziwa. Anati malonda a tsiku lonse afa. Anayatsa nyuzipepala n'kumaizunguza pamphika ndi patimipando kuti tsoka lichoke, uku akukuwa kuti mbuzi imeneyi ipite ndi minyama yake, ndipo mkazi wodzakwatiwa nayo akumumvera chisoni. A Thien anamva zonse, poti anangousa mvula pakhonde lapafupi.

Masana anabweradi, atavala taye, atanyamula tiyi ndi zipatso, n'kunena dzina lanu. Amayi anawayang'ana, kenako anayang'ana ine. Ndinayamba kudula anyezi wodula kale.

Amayi anati mwana wawo sangamupereke kwa mwamuna woopa tsabola. A Thien anati athire tsabolayo. Anadya mbale zitatu, misozi ili chuchuchu, akulimbikira kuti ndi mvula yawadonthera.

Chonde achemwali, musawakwiyire amayi. Ndikanangotsegula pakamwa, bwenzi atawalandira ndi manja awiri. Ngati chibwenzi chanu chitha, chithere pa ine. Ndipo abale awo akamadzabwera, adzabwere mu Malichi mvula itatha, wina atagula kale.

Mulungu akusungeni. Mupereke moni kwa azakhali.

Ndikanaiwala: Loweruka lomwelo madzulo tinabwerera kunyumba atatu: amayi patsogolo, ine ndi timipando, a Thien akukankha ngolo ya malonda. Amayi sananenebe kuti avomera, koma anawabwereka malaya ouma a abambo.

Ndine mlongo wanu,
Khiem