Bambo Ako Ali Bwinobwino

Lachinayi, 14 Ogasiti

Wokondedwa mwana wanga,

Moni ndikupatsa kumapeto, chifukwa panopa ndakwiya ndipo sindibisa.

Dzulo woyang'anira amishonale kunoko anatiimbira foni. Akuti mwana wathu anamulembera kuti akudera nkhawa bambo ake, ndiye Lamlungu abwera "kudzacheza". Kucheza kwanji! Munthu ameneyu akati kucheza, m'thumba mwake mumakhala matikiti a ndege obwezera anthu kwawo. Mwana iwe, unayamba liti kudumpha amayi ako n'kukaulula za m'nyumba kwa anthu? Kapena foni yanga inafa?

Zonsezi chifukwa choti pa foni paja bambo ako anafunsa ngati mng'ono wawo akupezako bwino, pomwe tinamuika m'manda kalekale. Ndani saiwala? Iweyo sunasiye mwana kutchalitchi, n'kufika kunyumba utanyamula matewera okha? Ine ndinakakuneneza kwa ndani?

Bambo ako anayamba kupempherera utumiki uno iwe usanabadwe. Anadikira mpaka kupuma pantchito, mawondo atatha kale. Lero afika, wati abwezedwe ngati katundu wolakwika adiresi. Ayi ndithu, ine ndili moyo.

Tamva mmene tikukhalira, poti ukuganiza kuti tikuvutika. Tili m'zipinda ziwiri zam'mwamba, zenera likuyang'ana pasiteji ya basi. M'mawa timapita kuchipinda chapansi pa tchalitchi kukasankha zovala zogawira osowa. Palibe amene amapinda thalauzi ngati bambo ako, mzere wake ngati lasitidwa. Masana timayendera okalamba amene sangathe kutuluka, bambo ako n'kumawaimbira nyimbo, osaphonya vesi ngakhale limodzi. Sabata yatha anatsogolera pemphero, atamaliza n'kuyambiranso lomwelo. Anthu anati ameni kawiri. Chinavuta n'chiyani? Mulungu anadandaula?

Makiyi ndimasunga ine, inde, ndipo pachitseko ndinamangirirapo kabelu. N'chifukwa cha akuba.

Unafunsanso mwachipongwe chifukwa chake zithunzi zathu zonse n'za nsanja imodzi yakale ija. Lolemba ndi tsiku lathu lopuma, ndipo timapita komwe tikufuna. Basi ikangokhota, bambo ako amandigwira mkono. "Mayi, taonani chinthu icho! Bwanji sitinabwerepo kuno?"

Ine ndimati, "Tiyeni tikaone lero, bambo."

Wogulitsa matikiti, mayi wonenepa wa magalasi, anatizolowera. Amangoti, "Takulandirani, alendo atsopano!" n'kunditsinzinira diso. Timakwera pang'onopang'ono, kupuma pa ngodya iliyonse, ndipo pamwambapo bambo ako amaseka ngati mwana poona madenga ndi sitima zikuoneka zing'onozing'ono. Tandiuza, ndi mwamuna uti amene amasangalala chonchi sabata iliyonse? Wakoyo, amene amangoyasamula pampando?

Kamodzi kokha ndinalowa kuchimbudzi, potuluka osawapeza. Ndinathamanga ndi ukalamba wangawu, nsapato m'manja, kufuula ngati wamisala. Ndinawapeza pasiteji, chipewa m'manja, akufunsa dalaivala mwaulemu ngati basiyo ikudutsa pasukulu yomwe ankaphunzitsa. Ndinalira, sindikana. Koma chiyambire tsikulo sindiwasiya, ndipo lamulo la kuno n'lomwelo, kuti tiziyenda awiri. Kuyenda awiri si mantha.

Tsono Lamlungu ndiwaveka suti yakuda ija, ndikhala pambali pawo, ndipo mafunso onse ndiyankha ine. Iwe ulembe kwa woyang'anirayo kuti unangotengeka maganizo. Lero lomwe, wamva?

Upereke moni kwa mwamuna wako, ngakhale ndikudziwa kuti nzeru yoipayi anakupatsa ndi iyeyo. Adzukulu anga uwauze kuti agogo akuwasowa.

Bambo ako akuperekanso moni. Ali pomwepa, akupinda matawulo. Andifunsa kuti ndikulembera yani, ndatchula dzina lako. Alitchula kawiri, amwetulira, n'kunena kuti, "Dzina lokoma. Ndi mwana wa ndani, mayi?"

Chipinda chakuseri chija cha kwanuko uchisese, uike bedi la bambo ako pafupi ndi zenera. Usauze aliyense.

Ndine amayi ako, amene ndakwiyabe.